Kuthokoza onse amene munaima nafe pa matenda a bambo athu

M'malo mwa banja lathu lonse, ndikufuna kuthokoza achibale, anansi ndi a mpingo amene munaima nafe pa masabata 8 amene bambo athu akhala akudwala, kuyambira usiku umene anasanza magazi kufikira dzulo pamene dokotala watiuza kuti chilonda cha m'chifu mwawo chapola. Amayi a Mvano amene munkasinthana kubweretsa phala kuchipatala, a banki m'khonde amene munatibwereka ndalama popanda kutifunsa mafunso ambiri, komanso anthu amene sitikuwadziwa omwe anapereka magazi amene bambo anaikidwa, Mulungu akubwezereni.

Koma kuthokoza kwanga kwakukulu kukupita kwa namwino wina wa mu wodi ya abambo, amene anaona kuti ine monga gadiyani ndinkangogwedeza mutu madokotala akamalankhula, chonsecho sindinkamva kalikonse. M'buku la kuchipatala munalembedwa mawu akuti melena, gastritis ndi gastroscopy, ndipo kwa ine lililonse linkamveka ngati chiweruzo cha imfa. Mayiyu anakhala nane pabenchi usiku wina n'kuyamba kumasula mawuwo mmodzimmodzi. Anandiuza kuti gastro ndi chifu, kuti mawu akathera ndi itis amatanthauza kutupa, akathera ndi scopy amatanthauza kusuzumira mkati, ndipo akathera ndi ectomy ndiye kuti chiwalo chikuchotsedwa. Ndinabwereza kuwerenga buku lija nditagwira mtima, ndipo sindinapezemo ectomy paliponse.

Melena ndiye inandipweteka kwambiri nditaimvetsa. Ndi chimbudzi chakuda bii ngati phula, chimene chimasonyeza kuti magazi akutuluka chakumtunda, kummero kapena m'chifu, ndipo amada chifukwa agayidwa pamodzi ndi chakudya. Bambo anachiona kwa masiku angapo koma sananene, pakuti mwamuna wamkulu sangakambe za kuchimbudzi ndi mwana wake wamkazi.

Tsiku la gastroscopy anawauza kuti asadye kanthu kwa maola 6, kenako anawapopera mankhwala ochititsa dzanzi kukhosi n'kulowetsa kapaipi kokhala ndi kamera kudzera pakamwa mpaka m'chifu. Pamene ananena kuti atengako biopsy, mchimwene wanga anatuluka panja kukalira, chifukwa kwathu kuno khansa ya kummero yatenga anthu ambiri ndipo mawu amenewa tinawamvapo pa maliro okhaokha. Namwino yemweyo anatifotokozera kuti biopsy ndi kanyama kakang'ono kwambiri kamene amatsina kuti akakapime, ndipo kuti pa chilonda cha m'chifu amachita zimenezi pofuna kutsimikiza, osati chifukwa chakuti apeza kale choipa.

Zotsatira zinasonyeza kuti palibe khansa, koma kachilombo kotchedwa Helicobacter pylori. Ife tinakula tikumva kuti zilonda za m'mimba zimadza ndi maganizo, tsabola kapena kudumpha chakudya, ndipo tinadabwa kumva kuti madokotala awiri a ku Perth ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, anasonyeza m'zaka za m'ma 1980 kuti zambiri zimayamba ndi kachilomboka, ntchito imene inawapezetsa mphoto ya Nobel mu 2005. Mbali ina tinaichititsa tokha, ndipo ndikuvomera poyera: ndine amene ndinkawagulira ibuprofen pagolosale chifukwa cha maondo awo, osadziwa kuti mankhwala amenewa, pamodzi ndi diclofenac ndi aspirin, amakanda khoma la chifu.

Bambo anamwa omeprazole, mankhwala ochepetsa asidi m'chifu, pamodzi ndi maantibayotiki awiri kwa masiku 14, ndipo ndikuthokoza mlamu wanga amene ankaonetsetsa kuti asadumphe ngakhale tsiku limodzi, ngakhale pamene ankadandaula kuti m'kamwa mukuwawa. Ndikuthokozanso dokotala wachinyamata amene anajambula chifu papepala n'kuloza pamene panali chilondacho, mpaka bambo anaseka n'kunena kuti kanthu kakang'ono chotero ndi kamene kanafuna kuwagwetsa.

Pano ayambanso kudya nsima, maondo akuwathandiza ndi panado basi, ndipo akuti Lamlungu likubwerali adzafika okha kutchalitchi kudzakuthokozani ndi pakamwa pawo.