Matenda a nthawi ya Fort Jameson sanabwere okha

Mankhwala akasowa ku kiliniki kuno ku Chipata simulephera kumva wina pa mzere akuti aaa bola nthawi ya azungu, zinthu zinali kuyenda. Ndimamvetsa kuti munthu akulankhula chifukwa cha kutopa, mwana ali kumbuyo thupi latentha ndipo wauzidwa kuti akagule yekha mankhwala, koma mawu amenewa amandiwawa ndithu chifukwa zaka zoyambirira zija za ulamuliro wa azungu makolo athu anaziona zowawa zimene ife sitingazipirire ngakhale sabata imodzi.

Mu January 1898 asilikali a Britain anachokera ku Nyasaland ndi mfuti zazikulu nagonjetsa Angoni a Mpezeni, mwana wake Nsingo amene anatsogolera nkhondo anamuwombera mwezi wotsatira, midzi inatenthedwa ndipo ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa. Timakonda kuikamba ngati nkhani ya nkhondo chabe, pa Nc'wala timaimba ndi kuvina, koma taganizani mudzi umene ng'ombe zapita, nkhokwe zapsa, ndipo ndi pakati pa dzinja chimanga chisanache. Mwana wosiya kuyamwa adya chiyani? Matenda ambiri amene anabwera pambuyo pake anapeza anthu matupi atafooka kale ndi njala.

Boma la azungu litakhazikika pa Fort Jameson (Chipata wa lero) mu 1899 sipanapite nthawi, mu 1901 unayamba msonkho wa nyumba, mashiling'i 3 pa chaka. Ndalama kumudzi kunalibe, ndiye mwamuna amayenera kukaipeza kwa mzungu yemweyo. Ena anakhala atengatenga, kusenza katundu pamutu kuchokera ku Tete kapena ku Nyasaland popeza kunalibe njanji kapena msewu wa galimoto, ena kunyamula bwana pa machila, ndipo ambiri anayenda wapansi masabata angapo kuwoloka Zambezi kupita ku migodi ndi ku mafamu a Southern Rhodesia. Kumeneko mu makomponi chibayo chinapha anthu ochuluka, ena nkhama kutupa mano kugwedera chifukwa chodya nsima yopanda ndiwo zamasamba miyezi ndi miyezi. Ena anangotchona osabweranso. Amene anabwera anabwera ndi bulangeti ndi tindalama ta msonkho, koma ena anabweranso ndi chifuwa chachikulu kapena chindoko, kudzapatsira mkazi amene anatsala akulima yekha, kumanga nkhokwe yekha, kuika maliro a ana yekha.

Nkhani imene imandikhudza kwambiri ndi ya kashembe. Kale anthu amakhala m'midzi ikuluikulu, amalima mozungulira, amasaka nyama, ng'ombe zimadya msipu, ndiye thengo limakhala kutali ndi anthu. Boma litabwera linaika malamulo oletsa kusaka mwaufulu, mfuti za gogodela zinayamba kuvuta kukhala nazo, amuna osaka ndi odula tchire anali ku ntchito kutali, malo ambiri abwino anali m'manja mwa North Charterland Exploration Company ndipo anthu pambuyo pake anakankhidwira m'malo osungirako anthu akuda. Tchire linabwerera, nyama zinachuluka, kashembe naye anatsatira nyamazo mpaka kufika kumene kunalibe kale. Ofufuza mbiri ya chigawo chathu chino anazilemba bwino zimenezi. Matenda a kaodzera a mtundu woopsa, uja umapha m'miyezi yochepa, akatswiri a ku Liverpool, Stephens ndi Fantham, anauzindikira mu 1910 m'magazi a mzungu amene anautenga ku chigwa cha Luangwa, dziko lino likutchedwa Rhodesia, n'chifukwa chake kachilombo kake anakatcha rhodesiense. Mu 1912 Kinghorn ndi Yorke, akugwira ntchito m'chigwa momwemo, anaonetsa kuti kashembe wamba wa m'thengo ndiye amafalitsa ndipo kachilomboko kamakhala m'nyama zakuthengo. Koma mankhwala ochiza panalibe nthawi imeneyo. Chimene boma limatha ndi kutseka njira ndi kusamutsa midzi basi, ndiye abale athu a ku Malambo, Akunda ndi ena, amangoona munthu akuwodzera masana, kuonda, mpaka kumwalira, kwinaku njovu ndi nguluwe zikutha minda ndipo mwini munda saloledwa kuzipha.

Ngakhale kanthu kakang'ono ngati thekenya kanali katsopano. Matekenya anachokera ku South America, anatsikira ku gombe la Angola m'ma 1870 nafika kuno m'ma 1890, anthu asanadziwe kuti amazulidwa ndi minga akadali aang'ono, ndiye ena zala za kumapazi zinaola. Onjezanipo nthomba, khate, zilonda zija za pamsongolo zosapola chaka chonse.

Sindikunena kuti azungu sanafe. Anafa ndithu, makamaka ndi malungo aja okodzetsa mkodzo wakuda, ndipo zoti udzudzu ndiwo umabweretsa malungo Ronald Ross anali atangozitulukira mu 1897. Penisilini anabwera m'ma 1940. Dokotala wa nthawi imeneyo anali ndi kwinini, mankhwala otsuka zilonda, katemera wa nthomba ndi mpeni wake. Koma tochepa timeneto timayamba kufika kwa bwana, kwa msilikali, kwa mesenjala ndi wantchito wa kampani, mayi wa ku mudzi amakhala womalizira ngati wafikidwa n'komwe.

Amishoni ndiwapatse ulemu wawo. A Dutch Reformed Church anafika pa Magwero mu 1899, kenako Madzimoyo mu 1903, Nyanje mu 1905, Nsadzu mu 1908, ndipo pa Magwero pomwepo mu 1905 mayi Issie Hofmeyr anayamba kuphunzitsa akhungu, sukulu imene ilipo mpaka lero. Amatsuka zilonda pakhonde, kuzula mano, kulera ana amasiye amene amayi awo anafera pobereka. Koma mishoni imodzi pa mtunda woyenda masiku awiri kapena atatu, mayi amene mimba yamuvuta usiku angafikeko bwanji?

Amene anagwira moyo wa mudzi ndi azamba, ndi agogo odziwa mizu ndi makungwa, ndi asing'anga otema mphini. Agogo anga aakazi, amene anamva izi kwa amayi awo, amati chaka cha njala akazi amapita m'thengo kukakumba mpama, kuuphika ndi kutaya madzi kangapo kuti ululu uchoke, ana akukumba mbewa ndi kutola masuku, ndipo munthu wa nthomba amamumangira kamsasa kunja kwa mudzi, womusamalira amakhala amene anadwalapo kale. Si zonse zimene zinali zabwino ayi, mwabvi unapha anthu osalakwa ndipo ndimakondwa kuti unaletsedwa, mizu inanso inalibe mphamvu pa kaodzera kapena chifuwa cha ku migodi. Koma nzeru ngati ija yopatula wodwala nthomba inapulumutsa midzi, palibe bwana anawaphunzitsa.

Kenako nkhondo ya 1914 inatenganso amuna ambirimbiri kukasenza katundu wa asilikali olimbana ndi Majeremani, ndipo ili pafupi kutha kumapeto kwa 1918 chimfine choopsa chija chinalowa m'dziko, kuyenda ndi anthu obwerera kwawo kuchokera ku nkhondo ndi ku migodi. Zipatala zenizeni zothandiza anthu wamba zinachedwa kwambiri. Mwami ya a Seventh-day Adventist inayamba mu 1927, St Francis ya ku Katete mu 1948, patapita zaka 50 chichitikire nkhondo ya Nsingo. Mwana wobadwa chaka cha nkhondoyo, ngati anapulumuka nthomba, njala, ulendo wa ku migodi ndi chimfine cha 1918, anakalowa pa St Francis koyamba ali kale ndi zidzukulu.