Boma limene sitingalifikire pa njinga

Chaka chilichonse m'mwezi wa Ogasiti mafumu a Achewa ochokera ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete, pa mwambo wa Kulamba, ndipo pamaso pa Kalonga Gawa Undi palibe amene amafunsa mnzake kuti ndi wa dziko liti. N'chifukwa chake sindivomereza ndikamva ophunzira ena akunena kuti ife a Kum'mawa kwa Zambia timakayikira za boma limodzi la Africa, kapena la dziko lonse lapansi, chifukwa cha umbuli ndi kuopa alendo.

Agogo anga aamuna, amene tauni ya Chipata ankaitchulabe Fort Jameson mpaka tsiku lomwalira, ankati akamva mawu akuti Chitaganya ankayamba alavula kaye asanayankhe. Mu 1953 atsamunda analumikiza Northern Rhodesia (Zambia), Southern Rhodesia (Zimbabwe) ndi Nyasaland (Malawi) kukhala Chitaganya ngakhale kuti eni dziko anakana poyera, mpaka mtsogoleri wa ndale Harry Nkumbula anatentha chikalata cha ndondomekoyo pamsonkhano ku Lusaka. Likulu linaikidwa ku Salisbury (Harare), ndalama zambiri za kopa wathu zinkathera komweko, ndipo damu lalikulu la magetsi linamangidwa ku Kariba osati pa Kafue monga ankayembekezera anthu a kuno. Pomwe Chitaganyacho chinkatha mu 1963, agogowo anali atatsimikiza mumtima kuti olamulira akakhala kutali, wodandaula amangolankhula ndi mphepo.

Sindikunena kuti mgwirizano wa mayiko ulibe phindu. Likulu la COMESA, bungwe la zamalonda la mayiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, lili ku Lusaka komwe kuno, ndipo kuchokera mu 2022, pamene atsogoleri a Zambia ndi Malawi anatsegula malo amodzi oonera katundu pa chipata cha Mwami ndi Mchinji, azakhali anga ogulitsa zitenje amapita ku Lilongwe m'mawa n'kubwerako dzuwa lisanalowe. Komabe chilala cha mu 2024 chitafika, dziko lathu linaletsa kutumiza chimanga kunja, ndipo sindinamve munthu pamsika wa Kapata ku Chipata akudandaula kuti taphwanya ubale.

Azakhaliwo nditawafotokozera za maganizo a malemu Gaddafi, mtsogoleri wakale wa Libya, ofuna boma limodzi la Africa yense, anasiya kupinda chitenje n'kundiyang'ana. "Mwanawe, khansala wathu akatinamiza za mjigo ndimamupeza pamaliro n'kumufunsa pamaso pa anthu. Nanga wa ku Addis Ababa, ku likulu la mgwirizano wa mayiko a Africa, ndidzamupeza pamaliro a ndani?"