Anandigwira ndikuthyola nyumba yanga yomwe

Aise, tiyambe ndi kukonza zimene mwamva. Sindinagone kupolisi, sindinamangidwe chingwe, ndipo chibonga chija chinangodutsa pafupi ndi khutu, sichinandikhudze. Amene akufalitsa zoti ndinalira ndikuitana mayi anga ndi mnzathu uja wa fotokope, yemwe usiku umenewo anali mtulo kwawo ku Chinamwali. Ngati mukufuna kundiseka, ndisekeni ndi nkhani yoona.

Nonse mukudziwa kuti ndimadya za kutayipa. Ana a ku Chanco akayamba kuthamanga ndi mapepala awo omaliza, ine ndimakhala pampando kuyambira m'mawa mpaka nkhuku kulowa, ndipo dzanja lamanjali linayamba kundiwawa pa mfundo. Msuweni wanga wa ku Johannesburg ndiye anandiuza kuti ndisiye kiyibodi yaitali ija, ndipeze yafupi imene amati low profile. Pa kiyibodi ya mechanical yanthawi zonse, ija yokhala ndi kaswichi kakekake pansi pa batani lililonse, batani limatsika mamilimita 4 kuti lifike pansi, pamene timaswichi ta Kailh Choc timatsika mamilimita 3 okha, ndipo kiyibodi yake imakhala yopyapyala moti dzanja silichita kupindika m'mwamba. Koma asananditumizire yonse, anatumiza kathabwa ka pulasitiki koyeserapo, kokhala ndi maswichi anayi: Choc yofiira, yabulauni ndi yoyera, kuphatikizapo yabuluu ya kampani ina yotchedwa Gateron. Akuti ndimvetsere bwinobwino, ndisankhe ndekha.

Ndiye mundiuze, munthu ungamvetsere chiyani masana kwathu kuno ku Matawale? Uku chigayo, uku njinga zamoto za kabaza, uku wailesi ya aneba imene sinazimitsidwepo chigulireni. Ndinadikira usiku. Mwamwayi magetsi anathima, ngakhale mafiriji a anthu anakhala chete, dera lonse linangoti zii. Cha m'ma 1 koloko ndinadzuka, kabudula wogonera yekha m'thupi, ndi kuyamba ntchito.

Yofiira ilibe nkhani. Imangotsika myaa mpaka pansi, kenako kaphokoso kakang'ono, thu. Yabulauni ili ndi kamtunda pakati, chala chimamva kuti chadumpha kanthu, koma khutu silimva zambiri. Yabuluu imalira, tche tche. Koma yoyera ija, abale! Mkati mwake muli kawaya kopingasa kamene kamakankhidwa n'kubwerera mwamphamvu, ndipo kamalira kawiri, potsika ndi pokwera pomwe. Ukadina kamodzi umva khe-khe. Ukadina mofulumira, khe-khe-khe-khe, mawu owuma, achitsulo, osachita manyazi.

Apa m'pamene nzeru zinandichulukira. Ndinazindikira kuti phokoso limasintha malinga ndi pamene waika kathabwako. Pa tebulo limakula, pa thaulo limafa. Ndinati bwanji ndiyese pa simenti ya pawindo? Ndinatsegula windo, n'kukaika pafupi ndi zitsulo zotchingira akuba zija, n'kuyatsa tochi ya foni kuti ndiziona mtundu wa swichi, n'kumazimitsanso kuti khutu ligwire ntchito lokha. Kuyatsa, khe-khe, kuzimitsa. Kuyatsa, khe-khe, kuzimitsa. Ine ndinkaona kuti ndikuchita kafukufuku. Mayi alandilodi, amene anatuluka kupita kuseri, anaona tochi ikuphethira pawindo langa, namva chitsulo chikudulidwa pang'onopang'ono ndi munthu wodziwa ntchito yake.

Wezulo woyamba ndinamumva, koma ndinaganiza kuti kwinakwake kwagwa wakuba, ndipo ndinamumvera chisoni. Ndinapitiriza. Ndinali nditagoneka khutu pasimenti, diso limodzi lotsinzina, pamene matochi anandiwalira kumaso ndipo mawu aakulu anati, "Usagwedezeke! Tazungulira nyumba yonse!"

"Ndine mwini wake wa chipinda chino," ndinatero.

"Onse amatero," anayankha a Tcheya a achitetezo a m'dera lathu, chibonga chili m'mwamba.

Chibongacho chinamenya chitsulo cha pawindo, ngwee, ine n'kukhala pansi osafuna. Bambo alandilodi ndi amene anandipulumutsa. Anandiunika kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nati, "Ndi yemweyu. Kabudulayu ndimamuona pa chingwe." Sindinayembekezere kuti tsiku lina chiphaso changa chidzakhala chimenecho.

Ndinatsegula chitseko, analowa onse, amuna akuluakulu ovala majekete, ena ndi zikwanje, wina ndi mpini wa khasu. Mayi alandilodi anaima pakhomo atamanga chitenje m'khosi. A Tcheya anayang'ana zitsulo za pawindo, anapeza zonse zili bwinobwino, kenako anatola kathabwa kaja ndi zala ziwiri.

"Achimwene, ichi n'chiyani?"

Mudayesapo kufotokoza kusiyana kwa linear (yongotsika myaa), tactile (ya kamtunda) ndi clicky (yolira) kwa anthu amene mwawadzutsa pakati pa usiku, muli chifuwa pamtunda, mano akugundana ndi mphepo yotsika m'phiri la Zomba? Ndinafotokoza. Ndinanena za sipuling'i. Ndinanena za mamilimita. Mantha atandipitirira, ndinafika mpaka pouza anthu a zikwanje kuti tizipewa ta mabatani a Choc yoyambirira tili ndi timiyendo tiwiri, kotero sitilowa pa Gateron imene ili ndi kamtanda. Palibe anandifunsa zimenezo. Pakamwa pankangoyenda pokha.

A Tcheya anatsamiritsa chibonga kukhoma, nakhala pampando wanga wantchito. Anadina yofiira. Anadinanso. "Iyi ndi yakufa," anatero. Anadina yabulauni, nakwinya nkhope. "Iyi ili ngati nkhwani zosatsuka bwino, muli kamchenga." Ndinafuna kutsutsa, chifukwa mumtima ndinali nditayamba kuikonda yabulauniyo, koma munthu sutsutsana ndi mwini chibonga. Yabuluu anati ikuyesetsa. Kenako anafika pa yoyera. Khe-khe. Anaima. Khe-khe. Nkhope yawo inamasuka pang'onopang'ono mpaka mano kuonekera.

"Eyaa. Iyi ndiye ikuyankha. Ukaituma ikuvomera, pobwera ikuperekanso lipoti."

Basi, aliyense anafuna kuyesa. Anapanga mzere m'chipinda changa, kuchokera pa tebulo mpaka pa ndowa ya madzi, aliyense chida chake m'khwapa. Agalu a aneba atayamba kuuwa, a Tcheya anatulutsa mutu pawindo n'kuwakalipira kuti akusokoneza. Wa mpini wa khasu uja anapempha kuti matochi azimitsidwe kuti amve bwino, ndipo anazimitsadi. Tangoganizani, mdima wa bii, amuna onsewo akupuma mosamala, m'chipinda mukungomveka thu, thu, tche, khe-khe, kenako wina, "Tabwerezani yachitatuyo." Panabuka mkangano. Mkulu wina anaima nji pa yofiira, akuti munthu wokwatira safuna chinthu chodzutsa mkazi. Wina anati yabuluu ndi yoyera n'chimodzimodzi, anzake anamukuwiza mpaka anapepesa. Anavota pokweza manja, a Tcheya akuwerenga ndi tochi. Yoyera inapambana, ndipo ine mwini katundu sanandipatse mwayi wovota, akuti ndine woganiziridwa.

Zonse zikanathera pamenepo mwaulemu pakanapanda kamnyamata kena kamene kanali chete nthawi yonseyi. Kanatembenuza kathabwako, kuyang'ana pansi, kuyang'ana m'mbali.

"Akulu, nanga waya wake ali kuti? Zimene mukudinazi zikulembedwa pati?"

Ndinati sizilembedwa paliponse, n'choyeserapo chabe.

"Ndiye kuti usiku wonsewu mumangodina chinthu chosalemba?"

Palibe anaseka, ndipo zimenezo n'zimene zinandipweteka. Anangondiyang'ana mwachifundo. Mayi alandilodi anafunsa motsitsa mawu ngati ndili ndi abale pafupi. Koma tanenani zoona, inu amene mukugubuduka ndi chiseko: batani limene ndidzalidina tsiku lonse, chaka ndi chaka, ndi dzanja lowawa kale, ndilisankhe osalimva? Ndipo windo ndi langa, ndimalipira.

Kulipirako ndiye kunabweretsa tsoka lina. Bambo alandilodi anafunsa mtengo wa kiyibodi yathunthu, ine ndi mantha aja ndinanena zoona. Anangogwedeza mutu, nati tidzacheza kukacha. Tinachezadi. Lendi yakwera kuyambira mwezi wamawa, akuti sankadziwa kuti akusunga bwana.

Swichi yoyera anaizula a Tcheya n'kuiika m'thumba la jekete, akuti ndi umboni, idzabwezedwa nkhani ikatha. Ndinakumana nawo Loweruka pa msika wa Zomba akugula usipa, dzanja lili m'thumba, khe-khe, khe-khe. Ndinawafunsa kuti nkhani ili pati, anati ikufufuzidwabe. Msuweni wanga akungofunsa pa WhatsApp kuti ndasankha iti. Ndamuuza kuti ayambe wadikira, ndikutayipirabe yakale ija, imene batani la E limafuna kulimenya kawiri.