Granola wanga sanapserere, anangokhwima

Popeza chithunzi chija cha granola amene ndinapanga ku ofesi chafika kale mpaka ku gulu la WhatsApp la anzanga a kusekondale, lekani ndifotokoze ndekha ena asanathiremo tsabola. Utsi sunalowe mu ofesi ya abwana ayi, unathera pakhonde. Ndipo amene akuti alonda anathamanga ndi chozimitsira moto akunama. Anabwera akuyenda.

Mtengo wa granola m'mashopu mukuudziwa nonse. Koma muli chiyani? Oats, mtedza, uchi, timafuta tophikira ndi kamchere, basi. Mtedza ndinali nawo, chalimbana weniweni wochokera kwathu ku Mchinji, wokazinga kale ndi kupukusa. Ndiye munthu woganiza za mawa atani? Ndinasakaniza zonse mu kontena yakale ya majarini, ijayi ndimatengeramo ndiwo, n'kuika mu microwave ya ku ofesi nthawi ya nkhomaliro.

Malangizo ake ndi oti muziika mphindi imodzi kapena ziwiri, kutulutsa, kutakasa, kubwezeramo, chifukwa microwave satenthetsa mofanana: pena pakupsa, pena pali zii. Ndinatsatira ndithu, amayi otiphikira tiyi ndi mboni. Koma ndikati ndigwire, zinthu zofewa, zomata m'zala. Granola wanji wosakukutika? Palibe amene anandiuza kuti chinthuchi chimauma chikazizira, osati chili pamoto. Ine ndinangoti sichinapse. Ndinapotokola kabatani mpaka kanakana, kenaka foni inalira ku desiki.

Chinandiitana ndi fungo. Uchi ukatentha ndi mafuta umaposa madzi owira kutalitali, ndipo pulasitiki ya majarini sanaipangire nkhondo yotero. Nditasuzumira pagalasi ndinapeza kontena yanga itagwada mbali imodzi, kukamwa kutapindika, chapakati pali bii, utsi tolo. Tsono chondipweteka n'choti mbale ya m'katimo inali ikuzungulirabe mwaulemu, pang'onopang'ono. Inandionetsa kutsogolo. Inandionetsa m'mbali momwe munatuluka chithuza. Inandionetsa kumbuyo komwe dzina la majarini linali litatsetserekera pansi. Kenaka inabwereranso kutsogolo kuti mwina pali pamene sindinaonetsetse. Ine chilili, manja m'chiuno. Mukuti bwanji sindinazimitse? Inunso mukanaonerera. Itakhutira, microwave ija inati "ting!", mawu omwewo amene imalira ikatenthetsa bwino mpunga wa munthu.

Amayi aja anatsegula mawindo onse osanena kanthu. Atamaliza anandiyang'ana n'kufunsa chapansipansi: "Achimwene, kodi mwakwiyira ndani?"

Ndinabaya supuni kuti ndipulumutse za m'mbali, koma ndinachedwa ndi kutsokomola. Chinthu chija chinazizira, chinauma gwa, supuni ili momwemo chiimire. Nditaikoka, chinanyamuka chonse, granola, kontena ndi supuni, banja limodzi. Pamenepo ndi pomwe analowa abwana. Iwowa kwawo ndi ku Nkhata Bay, ndiye anachiyang'ana mwachikondi n'kunena kuti, "Nkhungu zimenezi mwazipeza kuti?" Anafika pofuna kubenthula. Chinakana.

Za dzino la mnyamata wokonza makompyuta musandinamizire. Sindinamuuze kuti alume, ndipo dzinolo linkagwedera kale kuyambira chaka chatha, aliyense akudziwa.

Komanso inu oseka, kawerengeni mbiri. Kholo la granola analipanga James Caleb Jackson ku Dansville, New York, mu 1863, akulitcha granula, ndipo linali lolimba moti anthu ankaliviika mu mkaka usiku wonse asanalidye. Munthuyo mpaka lero amamulemba m'mabuku. Ine ndapanga zomwezo pa nthawi ya nkhomaliro yokha, mwandiika pa sitetasi. Ndipo pakona ina, pomwe pulasitiki sinafike, ndinapalapo ndi mpeni n'kulawa. Mtedza unkamveka ndithu. Patalipatali, koma unkamveka.

Pano pa chitseko cha microwave pamatidwa pepala lakuti "Yotenthetsera chakudya basi", ndipo nsima ya aliyense ikutuluka ndi kafungo ka uchi wopserera, komwe ena akuti akuzolowera. Supuni ija ndi ya ofesi, amayi akuti ndibweze isanathe sabata. Ndachiviika m'madzi kuseri kwa firiji. M'mawa uno ndinakagwedeza, sinasunthe.