Njati ya ku Buffalo ndi botolo la alamu

Chaka changa choyamba ku South Bend, m'boma la Indiana, mayi wina amene timagwira naye ntchito anandiitana kunyumba kwake kukaonera Super Bowl. Amenewa ndi masewera omaliza a mpira wawo uja amautcha wamiyendo chonsecho akuthamanga ataukumbatira pachifuwa, ndipo amachitika Lamulungu lina mu February. Kuno akakuitana usaganize kuti ukadya zaulere ngati pachinkhoswe. Aliyense amanyamula mbale yake. Mayiyo anayang'ana pa kapepala n'kundiuza kuti ine ndibweretse buffalo chicken dip.

Ndinangogwedeza mutu ngati ndamva. Pa mawu atatuwo ndinatolapo awiri, njati ndi nkhuku. Akuluakulu amati safunsa anadya phula, koma munthu amene ndinakhoza bwino Chingelezi pa MSCE ndikanafunsanso chiyani?

Loweruka m'mawa ndinalowa m'sitolo yaikulu, molunjika kogulitsa nyama. Ndinafunsa mnyamata wa pamenepo ngati ali ndi nyama ya njati. Akanadabwa, mwina ndikanadzidzimuka. Koma iye anangotembenuka n'kunditengera kapaketi ka nyama yogayagaya kolembedwa kuti bison, njati yawo ya kuno ya ubweya wambiri ija. Mtengo wake nditauwerengera m'makwacha ndinamva kuzizira kumsana, koma ndinalipira. Ulemu wa dziko lathu unali m'manja mwanga.

Akazi anga, amene ananditsogolera kuno ndi zaka ziwiri, anaseka mpaka kukhala pansi m'khichini.

"Inu bambo, mwagula njati? Buffalo ndi tauni!"

Anandifotokozera misozi ili mbwembwembwe kuti Buffalo ndi mzinda wa m'boma la New York, kufupi ndi mathithi a Niagara. Nkhani yodziwika imati m'chaka cha 1964, pamalo odyera otchedwa Anchor Bar, mayi Teressa Bellissimo anakazinga mapiko a nkhuku n'kuwaviika mu tsabola wamadzi wosakaniza ndi batala. Kuyambira pamenepo chilichonse chothira tsabola wotereyu chimatengera dzina la tauniyo. Njati ilibemo ngakhale mchira. Ndipo dipiyo ndi phala lolimba la nkhuku ndi tchizi, lowotcha mu uvuni, limene anthu amasunsamo tchipisi touma ta chimanga kapena timitengo ta celery.

Anandilembera zofunika pa envelopu yakale: nkhuku yophika makapu 2, cream cheese paketi imodzi ya ma ounce 8, theka la kapu ya ranch (msuzi woyera wothira pa saladi), tchizi wa cheddar wopala, ndi theka la kapu ya tsabola wa Frank's RedHot. Anati ena amathiramo blue cheese, koma nditauona m'sitolo, wa mizere yobiriwira ngati chigumu choiwalika m'kabati, ndinaubweza pashelefu mwaulemu. Ndalama yanga siingagule chuku.

Lamulungu akazi anga analawirira kuntchito, ine ndinatsala ndi envelopu.

Chimene chinandipweteka mtima choyamba ndi nkhuku. Kwathu nkhuku imalemekezedwa. Ntchafu ili ndi mwini wake, nthutumba ili ndi mwini wake, ndipo mwana wogwira chiwalo cholakwika amalandira diso loti sadzaiwala. Apa ndinauzidwa kuti ndiphike chidali chokhachokha, chopanda fupa, kenako ndichinyenyenyenye ndi mafoloko awiri mpaka chifanane ndi ulusi wa chiguduli. Ndinachita, koma ndikupepesa mumtima kwa agogo anga.

Kenako ndinatsegula botolo la tsabola wawo. Ndinadontheza pachikhatho n'kunyambita. Ndinadikira. Palibe. Ndinanyambitanso. Kunangomveka viniga ndi mchere, tsabola akusuzumira chapatali ngati mkamwini wamanyazi. Ndinawamvera chisoni anthu a ku America. Dziko lalikulu chonchi, lopita kumwezi, koma osadziwa tsabola?

Kumwamba kwa kabati, kuseri kwa matini a nyemba, kunali botolo la Nali limene alamu anga anabwera nalo kuchokera ku Blantyre, litakulungidwa m'chitenje pakati pa sutikesi. Pabotolo lija eni ake analemba poyera kuti "Abale samalani". Ine ndinawerenga mawuwo ngati moni chabe. Envelopu inati theka la kapu, ine ndinayeza theka la kapu, osachotsera dontho. Ndinasakaniza ndi tchizi uja akadali wozizira, n'kulawa kunsonga ya supuni. Zinali bwinobwino, zofatsa ndithu.

Apa ndi pamene ndinapusitsidwa, ndipo ndinadzazimvetsa mochedwa. Chimene chimawawa mu tsabola chimasungunuka m'mafuta, ndipo mkaka uli ndi mphamvu yochigwira kuti chisafike msanga palilime. Tchizi wozizira amabisa ukali ngati mfiti yovala suti. Onjezani kuti lilime langa linakulira pa kambuzi wa pachiwaya. Ndinaganiza kuti Nali wafooka ndi ulendo wa pandege, ndiye ndinakhuthuliramo yense wotsala, n'kutsukuluza botolo ndi timadzi. Ndinasinjanso akambuzi awiri ouma amene ndinawapeza m'kajumbo, kuti fungo likhale lakwathu.

Akazi anga anati uvuni ndiike pa 350. Poyamba ndinaganiza kuti akufuna ndiwotche njerwa, koma kuno amayeza ndi Fahrenheit, ndipo imeneyo ndi pafupifupi 175 ya Celsius. Patatha mphindi 20 ndinatsegula chitseko. Mpweya umene unatuluka unandimenya m'maso, ndinayetsemula kasanu motsatizana. Pamwamba pa tchizi panali timadziwe ta mafuta ofiira tikubwatabwata. Munthu wanzeru akanaima pamenepo. Ine ndinaphimba ndi foyilo n'kunena ndekha kuti lero adziwanso.

Kunja kunali chipale chofewa chofika m'mawondo, chija chimabwera ndi mphepo yochokera ku nyanja ya Michigan. Kunyumba kwa mnzanga kunali anthu okwana khumi ndi asanu, ataunjikana m'chipinda chapansi, kutsogolo kwa TV yaikulu ngati chitseko cha tchalitchi. Mbale yanga anaiika pakati penipeni pa tebulo, ikadali yotentha.

Woyamba anali apongozi a mwini nyumba, mdala wa kapu kumutu. Anatenga tchipisi chachikulu, n'kusunsa ngati akukumba dzenje la chimbudzi. Anatafuna. Ananditukulira chala chachikulu. Poona zimenezo ena onse anakhamukira mbaleyo, aliyense kawiri katatu, maso ali pa mpira. Ine ndinatukula chifuwa.

Kenako mdala uja anavula kapu.

Mutu wake wadazi unali ukuwala ndi thukuta, mwezi wa February, kunja madzi akuuma. Nkhope inachoka poyera, n'kudutsa pa phwetekere, n'kukafika pa biringanya. Anatsegula pakamwa koma sipanatuluke mawu, kunangomveka kamphepo ngati tayala la njinga laponda minga. Mtsikana wina anayamba kudzikupiza lilime ndi mbale yapepala. Wina anapukuta misozi ndi chala chomwe anasunsira, ndipo kulira kwake kunasintha nyimbo. Anathamangira mowa, mowa unangokoleza. Anathamangira madzi, madzi anangomwaza moto m'kamwa monse. Wina amene anali namwino anakuwa kuti mkaka, ndipo chigubu chonse, pafupifupi malita anayi, chinatha anthu akulandirana ngati pamjigo nthawi yachilimwe. Mkaka utatha anatsegula firiji n'kudya ayisikilimu wa mwana wa m'nyumbamo, mwanayo akuyang'ana.

Panali bambo wina wamtali amene anati iye ndi wa ku Texas, tsabola ndi chakudya chake cha m'mawa. Anawaseka anzake, n'kusunsa katatu akundiyang'ana m'maso. Anakhala phee kwa kanthawi, kenako anaimirira mwaulemu, anakwera masitepe, n'kutuluka panja osavala jekete. Ndinamuona pazenera atagwada pakhonde, akutapa chipale ndi manja onse awiri n'kumaika m'kamwa. Nthawi yomweyo timu ina inagoletsa. Wolengeza pa TV anakuwa yekha, m'chipindamo munalibe woonera.

Mwini nyumba anandiyandikira, maso ali psuu, n'kufunsa chapansipansi kuti ndathiramo chiyani.

"Tizokometsera takwathu pang'ono," ndinatero.

Pofuna kusonyeza kuti anthuwa akungokokomeza, ndinatenga supuni yodzaza n'kuponya m'kamwa onse akuona. Abale, chakudya chotentha chimadzutsa tsabola amene chozizira chimagoneka. Makutu anayamba kulira ngati nyenje. Mphuno inatseguka mbali zonse. Ndinamwetulirabe, misozi ikutsika, ndikunena kuti kwathu ana amadya zimenezi popita kusukulu. Mkaka unali utatha. Ndinapita kukagwada pafupi ndi wa ku Texas uja.

Akazi anga anafika chakumapeto atachoka kuntchito. Atangotsika masitepe ananunkhiza m'mwamba kawiri, n'kundikokera pakona.

"Bambo, botolo lija anabweretsa achemwali lili kuti?"

Ndinaloza mbale.

"Lonse?"

Botolo limenelo ankalisunga kuti lifike Khirisimasi, akudontheza pang'onopang'ono ngati mankhwala a m'maso. M'galimoto pobwerera sanandilankhule mpaka kunyumba, ndipo mbale yotsala theka ndinainyamula pamiyendo.

Lolemba kuntchito wa ku Texas uja anatumiza uthenga kudzera kwa mnzanga, kufunsa ngati ndingamupezere mabotolo awiri. Pakhoma panali patakhomedwa kale kapepala ka phwando lotsatira, ndipo pafupi ndi dzina langa analembapo kuti mbale zapepala ndi masupuni. Njati ija tinadyera nsima masiku atatu. Akazi anga ankandiikira botolo la Frank's patsogolo panga, osanena kanthu.