Mtolo umene anamwino anasenza m'nthawi ya kolera

Mliri wa kolera umene unayambira m'boma la Machinga mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, koma pokamba za mliriwu sitikumbukira kawirikawiri anthu amene ankasamalira odwala usana ndi usiku. Mchemwali wanga ndi namwino, ndipo mu Januwale 2023, pamene sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwu, iye ankagwira ntchito m'tenti ya odwala kolera.

Ankafika kunyumba manja atasweka ndi kolorini, ndipo sankalola ana ake kumukumbatira kufikira atasamba. Nsima ankangoinyema pang'ono n'kuisiya. Chimene chinkamusowetsa tulo kwambiri ndi odwala amene ankabwera mochedwa, madzi atatha m'thupi, moti mtsempha woti aikepo diripi sunkapezeka. Akatseka maso, nkhope zawo zinkamubwerera.

Chodabwitsa n'chakuti sanadane nayo ntchito yake. Kolera amachizika msanga madzi akabwezeretsedwa m'thupi, ndipo iye ankasangalala kuona mwana amene anabwera maso atalowa m'kati akupempha phala tsiku lotsatira. Chimene chinkamufooketsa ndi kuchepa kwa antchito, kusowa kwa nthawi yopuma, ndiponso kusapezeka kwa munthu womufunsa za mumtima mwake.

Ine ndikuona kuti pokonzekera mliri, uphungu woperekedwa kwa azaumoyo uyenera kulembedwa pa bajeti imodzimodzi ndi magolovesi ndi mankhwala. Mpaka lero mchemwali wanga amakhala chete akamva fungo la kolorini.