Scanner ya USB ndi pasipoti ya agogo

Ife ogwira ntchito m'mashopu olemba makalata ndi kupanga fotokope kuno ku Harare, scanner yodalira chingwe cha USB chokha timaiyamikira magetsi akazima. Sabata ino ku Machipisa, malo a mashopu a ku Highfield, anazima kangapo, makina a fotokope ali zii, koma ine ndinali pa laputopu kupanga scan ma CV, masatifiketi a ZIMSEC (bungwe la mayeso la ku Zimbabwe) ndi zitupa. Scanner za mtunduwu, monga Canon LiDE kapena Epson V39, zimakhutira ndi ma volt 5 ochokera pa kompyuta chifukwa zimawunika ndi timagetsi ta LED. Sizidikira kutentha, ndipo n'zopepuka moti ungaiike m'chikwama n'kukwera nayo kombi (minibasi). Pepala la A4 losalala limatuluka bwino zedi.

Lachinayi kunabwera agogo ena a ku Highfield komweko, amene anachoka ku Dedza nthawi ya chitaganya, chisanathe mu 1963. Anamasula kansalu n'kutulutsa pasipoti yakale youma gwa, ndi kalata ya ukwati ya kumpingo yopindidwa mpaka kung'ambika m'makona. Mwana wawo wa ku Lilongwe amafuna zithunzi zake tsiku lomwelo.

Choyamba scanner inaima pakati pa tsamba n'kuyamba kulira. Kusuzumira pansi pa tebulo, ndinapeza abwana ailumikiza pa ka hub (kachipangizo kogawa doko limodzi la USB) kotchipa kopanda magetsi akeake, pamodzi ndi mafoni awiri a makasitomala amene amawatchaja kuti alandirepo kangachepe. Doko la USB 2.0 limapereka magetsi ochepa, 500 mA basi, ndiye ukagawira zinthu zitatu, mota yokoka nyali ipeza kuti mphamvu? Ndinaizula n'kuilumikiza mwachindunji pa laputopu.

Vuto lachiwirilo n'la chibadwa cha makinawa. Diso lake, lotchedwa CIS, limakhala pafupi kwambiri ndi galasi ndipo limaona bwino chokhacho chimene chagona pagalasipo. Chikangodzuka pang'ono, chimatuluka mbuu. Pasipoti ya agogo sinkatseguka yonse, choncho pafupi ndi msoko panada bii, ndipo mpamene panali chidindo ndi tsiku. M'mizere yopindika ya kalata ija zilembo zinasowa. Scanner za diso la mtundu wina lotchedwa CCD, monga Epson V600, zili ndi magalasi ndi lenzi mkati, zimaona ngakhale pepala litadzuka, koma n'zolemera, n'zodula, ndipo zimafuna magetsi apakhoma. Ndakhala ndikupempha abwana kuti tigule imodzi yoti izigwira pa inveta magetsi akazima. Yankho lawo nthawi zonse n'lakuti "imene ilipoyo ikugwira".

Abwana anabwera n'kuti, "Kanikizani chivindikirocho mwamphamvu, anthu akudikira." Agogo anangondigwira mkono. "Mdzukulu wanga, bukuli likang'ambika sindipezanso lina." Ndinati, "Musadandaule agogo, sindilithyola." Ndinakana kukanikiza, abwana akundiyang'ana ndi diso lofiira pamaso pa makasitomala.

Ndinatenga foni yanga, tinaima pakhomo pomwe pali kuwala, agogo atagwira masamba ndi zala zawo zonjenjemera, ine ndikujambula tsamba ndi tsamba. Chidindo chinaoneka, tinatumiza pa WhatsApp. Chimene chinandipsetsa mtima n'chakuti abwana anafuna kuwalipiritsa mtengo wa scan pa tsamba lililonse, kuphatikizapo masamba oipa aja. Pa foni yanga, data yanganso! Ndinawauza agogo alipire za masamba awiri okha amene scanner inatulutsa bwino, ndipo mpaka pano ine ndi abwana timangopatsana moni.

Lachisanu ndi Loweruka zinali za masiku onse: mafomu a ntchito, malisiti, ndi mayi wina amene anabwera ndi mulu wa mapepala a kukhoti. Makinawa alibe chokokera mapepala, ndiye ndinatsegula n'kutseka chivindikiro mpaka phewa kuwawa, batire ya laputopu n'kuthera pomwepo mayiyo asanamalize. Anabweranso madzulo magetsi atayaka.